Mapazi akamatirira pansi: ntchito ya mafizo pa matenda a Parkinson

Munthu wodwala matenda a Parkinson akhoza kuyenda bwinobwino pabwalo, koma akangofika pakhomo la chipinda n'kuima chilili. Chitseko n'chotsegula, palibe chomupinga, maso akuona kumene akupita, mtima ukufuna, koma mapazi amatirira pansi ngati aponda ulimbo. Mawondo amanjenjemera pamalo amodzi, chifuwa chimapendekera kutsogolo poti icho chinanyamuka kale, ndipo amene ali pafupi amathamanga kudzamukoka dzanja. Ambiri amagwera pamenepo. Chodabwitsa n'chakuti mukagoneka ndodo pansi mopingasa n'kumuuza kuti "tadumphani iyi", munthu yemweyo amakweza phazi, kuilumpha, n'kupitiriza ulendo. Ena amakwera masitepe mosavuta pomwe pansi posalala pakuwakanika. Mu 2010 madokotala a ku Nijmegen, m'dziko la Netherlands, anaonetsa kanema wa bambo wina amene sankatha kuponya mapazi angapo osakakamira, koma atamukweza panjinga anapalasa mwamyaa, kukhota, kubwerera, n'kutsika yekha. Atangoponda pansi, mapazi anamatiranso.

Achibale akaona zoterezi amasokonezeka. "Dzulo lomweli munakwera masitepe nokha, lero mukulephera bwanji kulowa kuchipinda?" Ena amafika poganiza kuti wodwalayo akuchitira dala, kapena walowa ulesi, kapena akufuna kumveredwa chisoni. Si choncho ayi. Ndipo munthu akamvetsa chifukwa chimene ndodo yogonekedwa pansi imamasulira mapazi, wamvetsa gawo lalikulu la ntchito ya mafizo pa matendawa.

Dzina la matendawa linachokera kwa James Parkinson, dokotala wa ku London, amene mu 1817 analemba za anthu asanu ndi mmodzi onjenjemera, owerama, oyenda ngati akuthamangira kugwa. Atatu mwa iwo anangowaona mumsewu. Iye ankati ndi mtundu wa kufa ziwalo. Patapita zaka zoposa 50, dokotala wina, Jean-Martin Charcot wa ku Paris, anazindikira kuti anthuwa mphamvu ali nazo ndithu, chowavuta ndi kuchedwa ndi kuuma kwa thupi. Mfundo imeneyi ndi imene imasiyanitsa Parkinson ndi sitiroko. Pa sitiroko njira yotumizira uthenga ku mkono kapena mwendo imaduka. Pa Parkinson njirayo ilipo, minofu ili moyo, koma chimene chimaiyendetsa chafooka.

Mkati mwenimweni mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa substantia nigra, komwe maselo ake amapanga dopamine, mankhwala achilengedwe onyamula uthenga pakati pa maselo a mu ubongo. Dopamine ameneyu amapita ku gulu lina la maselo lotchedwa basal ganglia, lomwe limayendetsa zonse zimene thupi linazolowera kuchita lokha. Munthu wabwinobwino akamayenda saganiza kuti tsopano ndiponde ndi chidendene, tsopano ndigwedeze mkono wamanzere. Amayenda akucheza, maganizo ali kwina, thupi likudziyendetsa. Basal ganglia ndi amene amayambitsa kayendedweko, kulumikiza zidutswa zake motsatana, ndi kuyeza kukula kwake. Pa Parkinson maselo opanga dopamine amafa pang'onopang'ono, ndipo pamene zizindikiro zikuonekera, pafupifupi theka la maselowo kapena kuposerapo limakhala litapita kale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, chiwerengero chomwe chinawirikiza kawiri m'zaka 25.

Anthu amadziwa kunjenjemera chifukwa ndiko kumaoneka, koma ena sanjenjemera n'komwe. Chimene aliyense amakhala nacho ndi kuchepa kwa kayendedwe. Zonse zimafota. Phazi limaponyedwa pafupi n'kumakhwekhwereza pansi, mkono umodzi umaleka kugwedezeka poyenda, zilembo zimayamba zazikulu kumayambiriro kwa mzere n'kuthera ting'onoting'ono, mawu amatsika, nkhope imangokhala ndwii ngakhale munthu akusangalala. Chowawa kwambiri n'chakuti mwiniwakeyo sakuona choncho. Muyezo wa mu ubongo wasokonekera, ndiye kaphazi kakang'onoko iye amakamva ngati n'kokwanira, ndipo mukamuuza kuti akweze mawu amayankha moona mtima kuti, "Ndikulankhula bwinobwinotu, inu ndiye simukumva."

Anthu ambiri akamva za mafizo amaganiza za kusisita, kuthowa, kapena kugona pabedi wina n'kumakupinda miyendo. Kusisita kumatsitsimula thupi louma kwa kanthawi, palibe wotsutsa, koma sikuphunzitsa ubongo kalikonse. Mafizo a Parkinson ndi sukulu. Popeza njira yochita zinthu mosaganizira yawonongeka, wodwala amaphunzira kudzera njira ina, ya mbali ya ubongo imene imachita zinthu mwadala, yotsogozedwa ndi maso, makutu ndi chidwi. Kudumpha ndodo si kuyenda kwachizolowezi, ndi chinthu chimene maso aona ndipo maganizo alamula, n'chifukwa chake chimatheka. Masitepe nawonso ali ngati mizere yojambulidwa kale, iliyonse ikuuza phazi poponda.

Tsiku loyamba kwa dokotala wa mafizo limathera pa kuona ndi kufunsa. Amakuuzani kuti mudzuke pampando, muyende mamita 3, mutembenuke, mubwerere n'kukhalanso, iye akuwerenga masekondi. Amaima kumbuyo kwanu n'kukukokani mapewa mwadzidzidzi kuti aone ngati mwendo ungathamangire kumbuyo kukutchinjirizani. Amakuyendetsani mukuwerenga manambala chobwerera m'mbuyo, kuti aone zimene mapazi amachita maganizo akatanganidwa. Dokotala wabwino amafunsanso za kunyumba: mumagwera pati, nthawi yanji, munali mukuchita chiyani, mankhwala munali mutamwa liti. Odwala ambiri amayenda bwino kwambiri m'chipinda cha dokotala, poti pamenepo chidwi chonse chili pa mapazi, ndiye zoona zenizeni zimachokera kwa amene amakhala nawo.

Phunziro loyamba ndi kukuza chilichonse. Njira yodziwika kwambiri ndi LSVT BIG, yomwe inaphukira pa njira ina yophunzitsa odwala kukweza mawu imene Lorraine Ramig ndi anzake anayambitsa ku America m'zaka za m'ma 1980. Wodwala amakumana ndi dokotala ka 16, ola lathunthu, kanayi pa sabata kwa mwezi umodzi, kuphatikizapo zokachita kunyumba tsiku lililonse. Lamulo ndi limodzi lokha: kwakukulu. Potenga kapu patebulo, atambasule mkono wonse ndi zala zonse. Podzuka, adzuke ngati akufuna kukhudza denga. Poyenda, aponye phazi mpaka iye mwini aone ngati akuchita zoseketsa. Pamenepa ndi pamene ambiri amakana: "Anthu andiseka, ndikuyenda ngati msilikali." Dokotala amamujambula pafoni n'kumuonetsa. Munthu amayang'ana kanemayo kakasi, chifukwa chimene iye amamva ngati kukokomeza chikuoneka ngati kuyenda kwa munthu wina aliyense. Cholinga n'chakuti muyezo wa mu ubongo ukonzedwenso, azolowere kuti kuyenda koyenera kumamveka ngati kopitirira muyezo. Ngakhale kumene kulibe dokotala wophunzira njira imeneyi ndi dzina lake, mfundoyo imagwira ntchito.

Phunziro lachiwiri ndi zizindikiro zotsogolera. Kalekale mu 1967 dokotala wina wa ku Britain, James Purdon Martin, anafotokoza kuti mizere yojambulidwa pansi mopingasa njira imathandiza odwala kuyenda, pomwe mizere yotsata njira sithandiza. Lero dokotala wa mafizo amamata tepi yowala pansi, pamalo amene wodwala amakakamira: pakhomo, panjira yopita kuchimbudzi, pafupi ndi bedi. Mizereyo imatalikirana molingana ndi phazi labwino la munthuyo, ndipo iye amangoilumpha umodziumodzi. Palinso ndodo ndi zoyendera zimene zimaponya mzere wofiira wa kuwala pansi. Ena amathandizidwa kwambiri ndi makutu: kuwerenga "wani, thuu, wani, thuu", nyimbo ya kugunda komveka bwino, kapena pulogalamu ya pafoni yogunda ngati wotchi. Liwiro la kugundako si longolota. Kwa amene amangochedwa, dokotala amalikweza pang'ono kuposa mmene amayendera. Kwa amene mapazi amamatirira, nthawi zambiri amalitsitsa pang'ono, chifukwa kufulumira ndiko kumafupikitsa mapazi mpaka kukakamira.

Zizindikirozi zili ndi malire ake. Kafukufuku wotchedwa RESCUE, amene anachitika ku Britain, Belgium ndi Netherlands pa anthu 153 ndipo anatuluka mu 2007, anapeza kuti masabata atatu ophunzira kunyumba anathandiza kayendedwe, koma patapita masabata asanu ndi limodzi chilekere, phindulo linali litazilala kwambiri. Ubongo ukazolowera chizindikiro chimodzi umayambanso kuchinyalanyaza. Motero wodwala amafunika kukhala ndi njira zingapo, n'kumasinthasintha.

Mapazi akamatirira, chibadwa chimauza munthu kuti alimbane nazo, akankhe thupi kutsogolo. Kuteroko ndi kudziitanira kugwa. Zimene amaphunzitsidwa ndi zosiyana. Ayambe waima, aleke kulimbana. Apume mpweya, awongoke, zidendene zigunde pansi. Kenako asunthire kulemera kwa thupi lonse kumwendo umodzi, mwina adzigwedeze kumanja ndi kumanzere kangapo, kuti mwendo winawo upepuke. Akatero aponye phazi limodzi lalikulu, osati tating'onoting'ono. Ena zimawayendera akayamba ndi phazi lakumbuyo kapena lam'mbali, ena akaguba pamalo amodzi, ena akayang'ana chinthu china kutsidya kwa khomo m'malo moyang'ana khomolo. Inu amene muli pambali, musamukoke, musamukalipire, musamufunse mafunso. Imani m'mbali mwake, ikani phazi lanu patsogolo pa lake kuti alidumphe, kapena werengani naye mofatsa. Nkhawa ndi changu zimalimbitsa ulimbo uja, n'chifukwa chake foni ikalira kapena mlendo akagogoda ndi pamene zimavuta kwambiri.

Kutembenuka kumagwetsa anthu ambiri kuposa kuyenda molunjika. Munthu wabwinobwino amazungulira pa phazi limodzi, mutu n'kutsogola, thupi n'kutsatira. Wa Parkinson amatembenuka thupi lonse pamodzi ngati thabwa, miyendo n'kupingana. Amaphunzitsidwa kukhota mozungulira patali ngati pali malo, ndipo ngati malo ndi ochepa aziganiza kuti waima pakati pa wotchi, n'kumaponda pa 12, pa 2, pa 4, pa 6, phazi lililonse likunyamuka ndithu.

Kudzuka pampando nako kumaduladulidwa. Kwa ife ndi chinthu chimodzi, koma kwa iye ziyenera kukhala zinthu zisanu zochitika motsatana, chilichonse ndi ganizo lake: asendere kutsogolo kwa mpando, abweze mapazi kumbuyo pansi pa mawondo atatalikirana pang'ono, agwire m'mbali mwa mpando, aweramire kutsogolo mpaka mphuno ipitirire mawondo, kenako awerenge mpaka katatu n'kudzuka. Ambiri amalephera pa chachinayi. Amaopa kuwerama, ndiye amakankhira m'mwamba thupi lidakali kumbuyo, n'kugweranso pampando phi! Pabedi n'chimodzimodzi: achotse chofunda kaye, apinde mawondo, atembenuze mutu, aponye mkono kumbali imene akupita, mawondo atsatire, atsitse miyendo, adzikankhe ndi chigongono. Nsalu yoterera yoyalidwa pakati pa bedi, pamene pamagona msana ndi chiuno, imapeputsa ntchitoyi, bola kumapazi kukhale kosaterera. Usiku ndi nthawi yovuta chifukwa mphamvu ya mankhwala imakhala yatsika, choncho zimenezi aziyeserera masana mpaka zitalowa m'mutu.

Pa nkhani yochita zinthu ziwiri nthawi imodzi, malangizo akale anali akuti wodwala asayerekeze n'komwe: akamayenda asalankhule. Kwa amene matenda apita patali malangizowa akadali oona. Koma moyo sulola kuchita chinthu chimodzichimodzi, ndipo kafukufuku wina anaonetsa kuti amene akadali koyambirira akhoza kuphunzira kuyenda akuyankhula kapena atanyamula kanthu, poyeserera pamalo otetezeka.

Kugwa ndi nkhani yaikulu. Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 6 amagwa kamodzi kapena kuposa pa chaka, ndipo kuthyoka fupa la m'chiuno kumasintha moyo wa munthu tsiku limodzi. Koma mantha a kugwa amawononganso mwakachetechete. Munthu akagwa kamodzi amayamba kukhala pansi, achibale mwachikondi amamuuza kuti asamavutike, miyendo imafooka, ndipo akadzati adzuke amagwa mosavuta kuposa kale. Masewera olimbitsa kukhazikika kwa thupi amathandiza pokhapokha ngati akuvutadi. Kuima utagwira tebulo ndi manja awiri sikuphunzitsa thupi kanthu. Pamafunika kuima mapazi ali pamodzi, kuponda kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali mwachangu, kutambasukira chinthu chapatali, zonsezi pali chogwira pafupi kapena munthu woyang'anira. Mu 2012 Fuzhong Li ndi anzake ku Oregon anayesa Tai chi, masewera a ku China oyendetsa thupi mwapang'onopang'ono, pa odwala 195, kawiri pa sabata kwa masabata 24. Amene anachita Tai chi anakhazikika bwino kuposa anzawo, ndipo anagwa mocheperapo poyerekeza ndi amene ankangodziwongola. Gule wa tango wa ku Argentina nayenso wayesedwa kangapo, ndipo n'zomveka kuti amathandiza: muli nyimbo yotsogolera, mnzako womugwira, kuima ndi kuyamba, kubwerera m'mbuyo ndi kukhota, zonse zimene Parkinson amalanda.

Apa tinene chilungamo. Kafukufuku wa ku Australia ndi ku Britain waonetsa kuti masewerawa amachepetsa kugwa mwa anthu amene matenda sanafike patali. Kwa amene amakakamira pafupipafupi kapena maganizo ayamba kusokonekera, masewera okha sakwanira, ndipo kuwachita popanda woyang'anira kukhoza kuwonjezera ngozi. Kwa iwowa nyumba iyenera kusintha: timakapeti toterereka tichoke, njira zikhale zopanda katundu, usiku kukhale kuwala, kubafa ndi kuchimbudzi kukhale zogwirira, mpando ukhale wautali wolimba wa zogwira m'mbali, nsapato zikhale zogwira chidendene. Choyendera chonyamula ndi manja nthawi zambiri chimawonjezera kukakamira chifukwa chimadula kayendedwe. Cha mateyala ndi mabuleki chimakhala bwino, ngakhale chikhoza kuthawa ndi munthu amene mapazi ake amathamangira kutsogolo, ndiye chisankhidwe pamodzi ndi dokotala. Ndipo wodwala aliyense aphunzire kudzuka pansi asanagwe: kugubudukira chammbali, kugwada, kukwawira ku mpando wolimba, kuponda phazi limodzi, n'kudzikweza.

Kugwa kwina sikuchokera m'miyendo. Parkinson amasokonezanso mitsempha yoyendetsa kuthamanga kwa magazi, ndipo mankhwala ena amawonjezera vutoli. Munthu akadzuka, BP imatsika mwadzidzidzi, m'maso mumada, chizungulire n'kumugwetsa. Wotere ayezedwe BP atagona ndiponso ataima, azimwa madzi okwanira, ndipo asanadzuke azikhala kaye m'mphepete mwa bedi akugwedeza mapazi.

Tsopano tifike pa gawo limene likupatsa akatswiri chiyembekezo chachikulu, masewera othamangitsa mtima. Mu 2018 Margaret Schenkman ndi anzake ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa SPARX. Anatenga anthu 128 ongopezeka kumene ndi matendawa, asanayambe mankhwala, n'kuwagawa patatu. Ena ankayenda pa treadmill, makina oyendapo uli pamalo amodzi, mwamphamvu, mtima ukugunda pa 80 mpaka 85 peresenti ya malire ake, ena mwapakatikati, ena sanachite kanthu. Patatha miyezi 6, zizindikiro za gulu loyamba zinali pafupifupi pomwe zinali, pomwe za amene sanachite masewera zinali zitakula. Chaka chotsatira, kafukufuku wa Park-in-Shape ku Netherlands anapeza zofanana mwa anthu 130, pomwe ena ankapalasa njinga yoima m'nyumba katatu pa sabata kwa mphindi 30 mpaka 45. Kunena kuti masewera amachedwetsa kufa kwa maselo a mu ubongo kungakhale kuthamangira, poti zimenezo zikufufuzidwabe m'kafukufuku wamkulu. Koma palibe mankhwala ngakhale amodzi amene atsimikizika kuti amachedwetsa Parkinson, ndipo pa zonse zimene zayesedwa, thukuta ndi limodzi mwa zimene zikuonetsa zizindikiro zolimbikitsa. Phindu lake pa mtima, tulo, kudzimbidwa ndi kukhumudwa ndiye n'losakayikitsa.

Muyezo wosavuta ndi mpweya. Ngati mukutha kuimba, simunayambe. Ngati mukulankhula mawu ochepa n'kupuma, mwafika. Muyezo umenewu ndi wodalirika kuposa kuwerenga kugunda kwa mtima, popeza mwa odwala ena mtima sufulumira monga umayenera. Mphindi 150 pa sabata, zimene WHO imalimbikitsa akuluakulu onse, ndi poyambira pabwino, kuwonjezerapo masiku awiri olimbitsa minofu, makamaka ya ntchafu, matako ndi msana, imene imalimbana ndi kuwerama. Amene ali ndi vuto la mtima ayambe waonana ndi dokotala. Kudziwongola kuli ndi malo ake, makamaka chifuwa, khosi ndi kutsogolo kwa chiuno. Kugona chafufumimba kapena chagada popanda pilo wamkulu kwa mphindi zingapo patsiku kumathandiza kuti msana usazolowere kupindika.

Mlingo wa mafizo ndi nkhani imene ndimaiona kuti imanyalanyazidwa kwambiri. Ku Britain kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa PD REHAB pa odwala 762, wotuluka mu 2016, ndipo anapeza kuti mafizo sanasinthe kanthu pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Ena anathamangira kunena kuti basi, mafizo n'ngopanda ntchito. Koma odwalawo anaonana ndi madokotala pafupifupi kanayi kokha m'masabata 8. Palibe amene angamwe mapiritsi anayi m'miyezi iwiri n'kunena kuti mankhwala alephera. Luso la dokotala nalonso limawerengedwa. Ku Netherlands, Bastiaan Bloem ndi Marten Munneke anayambitsa ndondomeko yotchedwa ParkinsonNet mu 2004, yophunzitsa madokotala a mafizo ochepa mozama kuti aliyense aziona odwala Parkinson ambiri. Atafufuza pambuyo pake, anapeza kuti odwala othandizidwa ndi akatswiriwa ankakumana ndi mavuto ochepa monga kuthyoka mafupa ndi chibayo, chonsecho ankapita kwa dokotala maulendo ochepa. Choncho si kulakwa kufunsa dokotala wa mafizo kuti, "Kodi munathandizapo anthu a matenda amenewa?"

Mafizo salowa m'malo mwa mankhwala. Levodopa, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, akadali mankhwala amphamvu koposa, ndipo ndi amene amatsegula mpata woti thupi liphunzire. Amayamba kugwira pakatha theka la ola kapena ola, ndipo zaka zikamapita mphamvu yake imayamba kutha nthawi ya mlingo wotsatira isanakwane, moti tsiku limagawika pakati pa maola omasuka ndi maola omangika. Masewera amphamvu achitike m'maola omasuka. Koma njira zodzukira, zotembenukira ndi zomasulira mapazi ziyeseredwenso m'maola omangika, pali wothandiza, chifukwa ndi nthawi imene zidzafunike. Mwa anthu ena chakudya cha mapuloteni ambiri chimachedwetsa levodopa kulowa m'thupi, ndiye ngati masewera akumavuta mukangotha kudya, muuzeni dokotala. Mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi, kutero n'koopsa.

Pali mdani wina amene saoneka. Dopamine yemweyo ndi amene amapatsa munthu chilakolako chochita zinthu, ndiye akachepa, mphwayi imalowa. Wodwala amadziwa kuti masewera ndi abwino, amavomera, koma kudzuka kuti ayambe kumakhala ngati kukankha phiri. Kumunena kuti ndi waulesi kuli ngati kumudzudzula chifukwa chonjenjemera. Chimene chimathandiza ndi nthawi yoikika yosasinthasintha, mnzake womudikira, ndi masewera amene iye amawakonda. N'chifukwa chake magulu ovina, oyenda pamodzi, ngakhale ankhonya zomenya thumba osati munthu, afalikira m'mayiko ambiri. Kukhumudwa kukakhala kwakukulu kumafuna chithandizo chakechake, apo ayi mafizo sapita patali.

Mmera mpoyamba. Nthawi yabwino yoonana ndi dokotala wa mafizo ndi pamene matenda angopezeka, munthu akuyendabe bwino, osati atagwa kale katatu. Ubongo umaphunzira msanga matenda asanakule, ndipo zimene waphunzira lero ndi zimene adzatolepo zaka zikubwerazo. Pambuyo pake azibwererako miyezi ingapo iliyonse, chifukwa matendawa amasintha ndipo njira imene inkagwira chaka chatha mwina lero yaleka.

Matenda akafika patali, munthu akumakhala pampando kapena pabedi nthawi yambiri, ntchito ya mafizo siitha, imangosintha. Tsopano ndi kuteteza mfundo kuti zisaume zitapindika, kumusintha magonedwe kuti asatuluke zilonda, kumukhazika mowongoka makamaka pakudya, ndi kusamala chifuwa. Minofu yomezera ndi yotsokomolera nayo imafooka, chakudya kapena malovu zimalowera kumapapo, ndipo chibayo ndi chimodzi mwa zimene zimatenga odwala ambiri. Kupuma mozama, kuyeserera kutsokomola mwamphamvu, ndi kuonana ndi katswiri wa kalankhulidwe ndi kamezedwe munthu akayamba kutsamwa, zonsezi ndi mbali ya chithandizo. Ngakhale kuima kwa mphindi zochepa atagwiriridwa kumathandiza mafupa, m'mimba ndi mtima.

Pa nthawi imeneyi wophunzira wamkulu amakhala wosamalira wodwala, amene nthawi zambiri naye ndi wachikulire, msana ukumupweteka. Ambiri amadzutsa wodwala pomukoka manja kapena kumunyamula m'khwapa, zomwe zimavulaza mapewa a wodwala ndi msana wa wonyamula. Dokotala amamuonetsa kuima chammbali, mawondo atapindika, dzanja limodzi kumsana kwa wodwala, lina kutsogolo kwa phewa. Mawu akhale ochepa, lamulo limodzi pa nthawi: "Senderani kutsogolo." Adikire. "Mapazi kumbuyo." Adikirenso, ngakhale masekondi khumi, poti uthengawo ukuyenda ndithu koma mochedwa. "Weramani." Kenako awerenge limodzi, akudzigwedeza kutsogolo pa nambala iliyonse, ndipo pa yachitatu wodwala adzuke ndi miyendo yake, wosamalirayo akungotsogolera. Akaima, asanyamuke msanga. Awongoke kaye, ayang'ane kumene akupita, asunthire thupi kumwendo umodzi, ndipo phazi loyamba likhale lalikulu.